Azakhali a mu Foni

Ntchito yanga ndi nsapato za kaunjika. Ndimaziyala pa chiguduli ku msika wa Golomoti, tsiku lina ku Mtakataka, ndipo zinthu zikavuta ndimakaima kunja kwa tchalitchi ku Mua kudikira akhristu atuluke m'misa mitima idakali yofewa. Anthu amati pakamwa panga pali mafuta. Ndinagulitsapo nsapato ziwiri za phazi lakumanzere lokhalokha kwa mkulu wina amene anali atalawako, ndipo titakumana sabata yotsatira iye ndi amene anayamba kundipatsa moni. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti pa nkhani yopusitsana ine si mlendo. Ndinkakhulupirira kuti kathyali aliyense ndimamumva fungo asanatsike n'komwe m'minibasi.

Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, amakhala kumudzi kwathu, kutsidya kwa njanji. Mwamuna wake anapita ku Joni. Chaka choyamba ankatumiza ndalama, chachiwiri ankatumiza moni, kenako anasiya ndi moni womwe. Anamusiyira ana atatu, woyamba mtsikana. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiye mwini mbumba ndine, ngakhale mbumbayo imandikumbukira kwambiri yunifolomu ikang'ambika. Mtsikanayu chaka chimenecho anali mu Sitandade 8. Anali wanzeru, wofatsa, wa mtundu uja wa ana amene ukawatuma amathamanga ngakhale palibe chowathamangitsa. Aphunzitsi ake akandipeza pa msika ankandiuza kuti mwana ameneyu akangolemba mayeso, ku sekondale apita. Chifukwa cha mawu amenewo ndinkawatsitsirako mtengo wa nsapato, pang'ono basi.

Foni ndinagula ndine. Dalaivala wina lole yake inafera pa Golomoti, ndipo njala itamupweteka anayamba kutsatsa foni yake yaikulu, ija yopalasa ndi chala. Ndinamutsitsa mtengo mpaka anayamba kutukwana m'chiyankhulo chakwawo. Ndinkati ndikapatsa mlongo wanga, alamu anga asowa chonamizira, aziimba ngakhale pa intaneti. Ndinapita nayo pa kagolosale ka anyamata otchaja mafoni, aja amaikiranso anthu nyimbo, ndipo mnyamata wapamenepo atamaliza kuikonza ndinati andibanyire potsegula tsamba la mchezo. Mlongo wanga amawerenga, koma mochedwa, ngati munthu woponda pa miyala ya mumtsinje. Choncho tinagwirizana kuti tsambalo likhale la mwana, m'dzina lake ndi nkhope yake.

"Biggy, pali vuto," anatero mnyamatayo. "Tsambali limakana ana. Likufuna wamkulupo."

"Ndiye umuonjezere zaka. Kodi zakazo amagulitsa?"

Tinaseka tonse. Anamuonjezera zokwanira kuti akhale mayi wapabanja, n'kusankha yekha mawu achinsinsi olowera, ine n'kunyamuka ndikudzitama kuti ndapeza zinthu ziwiri pa mtengo wa chimodzi.

Alamu anga sanaimbe ngakhale kamodzi. Koma foni sinagone. Mtsikana uja anasanduka kalaliki wa pakhomo. Ankawerengera amayi ake mauthenga a kumpingo, ankafufuza za sayansi zimene buku lawo linang'ambika, ndipo ankaika zithunzi pa tsamba lake monga achitira anzake. China anajambulitsa atavala yunifolomu patsogolo pa chikwangwani cha sukulu yawo. China cha tsiku la kwaya. Agogo ake a kwa bambo atamwalira anaika chithunzi cha pamaliro, n'kulembapo mfunda wawo kuti ause mumtendere. Aliyense wopempha kuti akhale mnzake pa tsambapo ankamulola. Tinamulera choncho ife. Munthu akati odi umati lowani, wamkulu akakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani umagwada n'kuyankha. Palibe anamuuzapo kuti mu foni odi amayankhidwa mwina, chifukwa ifenso sitinkadziwa.

Chimanga chitauma, mayeso ali pafupi, ndinayamba kuona zachilendo. Ndikafika kumudzi, mayi ndi mwana ankadula nkhani pakati, wina n'kuyamba kusesa pamalo posesa kale. Tsiku lina mlongo wanga anandipempha nsapato zakuda zolimba ndi chikwama cha kumsana. Ndinaganiza kuti ndi za mayeso. Ndinamupatsa nsapato, chikwamacho ndinati akagule yekha chifukwa ine si wa zikwama, kenako chisoni chitandigwira ndinakamusakira kwa mnzanga. Sindinafunse kanthu. Munthu amene ndimafunsa wogula mafunso mpaka kudziwa zimene wadya m'mawa, kwathu ndinakhala chete.

Nkhani ndinaimvera pa siteji. Linali tsiku la msika ku Golomoti, dzuwa lija lathu lotentha ngati likukusaka iwe wekha. Woitanira minibasi wina anadutsa pa chiguduli changa akutafuna nzimbe.

"Bwana wansapato, mwana wanu uja mwamutumiza ku tauni osatiuzako? Bwenzi titamukhazika kutsogolo."

"Mwana uti?"

"Wa achemwali anu. Wakwera yoyamba ya ku Salima, akuti akalumikiza ya ku Lilongwe. Anatchena bwanji, chikwama chatsopano."

Wamalonda saonetsa kuti sakudziwa. Ndinaseka, ndinati ndinaiwala kumuuza. Atangotembenuka ndinaunjika nsapato m'thumba mosasankha, kusiya mayi wina ataima ndi phazi limodzi akuyesa, n'kuitana kabaza.

Mlongo wanga ndinamupeza akutonola chimanga pansi pa mtengo wa mango. Atandiona anamwetulira ngati munthu amene wabisa nyama m'manja.

"Khalani pansi, achimwene. Ndi nkhani yabwino."

"Mwana ali kuti?"

"Azakhali ake amupezera malo ku sukulu yogonera konko. Ya atsikana okhaokha, yolipiriridwa zonse. Mayeso akalembera komweko, dzina analisamutsa kale."

"Azakhali ati? Alamu anga ali ndi mlongo mmodzi, ndipo ameneyo nsapato amachita kubwereka."

"Si amenewo. Awa ndi a mfunda wa bambo ake. Kwawo kwenikweni ndi cha ku Mua kuno, kungoti anakulira m'tauni. Anapezana pa foni."

"Munawaonapo?"

"Chithunzi chilipo. Mayi aulemu wawo, opemphera."

"Nanga ine bwanji simunandiuze?"

Apa anasiya chitsononkho n'kundiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Inu? Pakamwa panu ndi pa siteji, achimwene. Mukanauza msika wonse, anthu n'kumutchera mwana asanakwere n'komwe. Mukuwadziwa anthu a pano."

Ndinkawadziwa. Kwathu chabwino sichilengezedwa chisanapse. Mayi woyembekezera sanena, mumangoona nokha. Wopita kukafuna ntchito amati akukaona odwala. Alamu anga omwewo tsiku lonyamuka kupita ku Joni anauza anthu kuti akukagula usipa. Inenso ndikamakaoda belo la nsapato ku Lilongwe ndimauza oyandikana nawo kuti ndikupita kudimba. Timaopa nsanje, timaopa maso a anthu, timaopa kuti wina akayenda usiku mwayi wako n'kusanduka madzi. Ndiye munthu wa mu foni atanena kuti musauze aliyense mpaka mwana atafika, mlongo wanga sanamve chenjezo ayi. Anamva munthu wakwathu, wodziwa mmene zinthu zimayendera.

Foni inali m'nyumba. Azakhaliwo anati mwana asaitenge chifukwa ku sukuluko salola. Tinaimba nambala yawo, sinkapezeka. Tinaimbanso. Mlongo wanga anati mwina ali pa msewu kukachingamira mwana. Ine ndinati andipatse ndimve zimene ankakambirana.

Ambiri anali mauthenga a mawu, chifukwa anadziwa kuti mayi wa mwana amakonda kumva kuposa kuwerenga. Ndinakhala pa mtondo wogwetsa n'kuyamba kumvetsera kuchokera pachiyambi. Mawu ake anali ofewa, a mayi wonenepa bwino, oyamba ndi dzina la Ambuye ndi kutsiriza ndi dzina la Ambuye. Ndisanafike patali ndinazindikira kuti ntchito imene ndinkaimvayo ndinkaidziwa. Inali yanga.

Wogula sumuuza mtengo poyamba. Umamufunsa kwawo. Akatchula mudzi umati kumeneko kuli abale ako. Umafunsa mfunda, ndipo mwamwayi waukulu umapezeka kuti ndi wa amayi ako. Mukatero mwasanduka pachibale, ndipo m'bale sakayikira m'bale. Kenako umamupatsa kanthu kaulere, zingwe za nsapato kapena kupukutira fumbi. Pomaliza umati peyala imeneyi yatsala yokhayi ndipo wina wapita kukatenga ndalama. Azakhaliwo anatsata zonsezi mwadongosolo lake, mwaluso loti pena ndinkagwedeza mutu ngati mmisiri woona ntchito ya mnzake, kenako n'kukumbukira kuti nsapato yake ndi mwana wathu.

Mfunda sanachite kulota. Anauwerenga pa chithunzi cha pamaliro chija. Sukulu anaiona pa chikwangwani. Zotsalazo anafunsa pang'onopang'ono, lero kamodzi, mawa kena. Bambo ali kuti? Amatumiza thandizo? Pa mayeso oyeserera unakhala nambala chani? Mwanayo ankayankha zonse, mwaulemu, kuyamba ndi zikomo. Kawiri konse anamutumizira bandulo ya intaneti kuti aziwerengera. Ndiye panali funso lina limene ndinalibwereza.

"Nanga amene amakuyang'anirani pakhomopo ndani, mwanawe?"

"Amalume."

"Amalume akowo ndi munthu wotani?"

Ndinamva kamwana kathu kakuseka pang'ono kasanayankhe. "Ndi abwino, koma amalankhulitsa."

"Ndiye amenewo tiwauza zonse zikatheka. Ukudziwa mmene anthu alili."

Munthu sanandionepo, koma anandichotsa pa msika ngati nsapato yopanda inzake. Uthenga womaliza unkati malo atsala amodzi, mtsikana wina wa ku Ntcheu akuwafunanso, ndiye anyamuke msanga, akatsikire mu depoti, akapeza munthu womudikira.

Pofika madzulo tsamba la azakhali lija linali litazimiririka. Mnyamata wotchaja mafoni atafufuza ndi chithunzi chimene chinatsala mu foni, anatipezera nkhope yomweyo pa masamba ena angapo, lililonse ndi dzina lake ndi kwawo kwake. Mayi wa pachithunziyo mwina ndi munthu wosalakwa amene anangojambulitsa pa geti la nyumba yake atavala za kumpingo. Mlongo wanga anayang'ana nkhopezo nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pa fumbi pomwepo, pakhomo pa kagolosale, anthu akudutsa.

Tinakanena kupolisi. Analemba zonse, natifunsa dzina la mayiyo, kumene amakhala, dzina la sukuluyo. Dzina tinali nalo la pa tsamba lofufutika. Kumene amakhala tinkangodziwa kuti ndi ku Lilongwe. Sukulu, mlongo wanga anati inali ndi dzina la woyera wina, koma sanakumbukire kuti uti. Ndinachita manyazi ngati ndabwera kudzadandaula za mbuzi imene sindikudziwa mtundu wake.

Ndinapita ndekha ku Lilongwe. Ndinazungulira depoti ndi chithunzi cha mwana, kufunsa makondakitala, ogulitsa madzi, amayi a nthochi. Aliyense anali ataona mtsikana wa chikwama, tsiku lililonse amatsika ambirimbiri. Wina anandilozera kumpoto, wina kummwera, wina anandipempha ya fanta kuti akumbukire bwino. Ine amene ndimadziwa tauni polowera ndi potulukira pa nkhani ya mabelo, ndinangoima pakati pa maminibasi ngati thumba loiwalika. Ndalama ya mpamba itayamba kutha ndinabwerera.

Kumudzi chinsinsi chija chinali chitasanduka nkhani ya pa mjigo. Amene tinkaopa kuti achita nsanje tsopano ankabwera kudzapepesa, ena ndi mtima woona, ena kudzaona mmene nyumba yopusitsidwa imaonekera mkati. Mlongo wanga anasiya kupita kotunga madzi, ankatuma ana. Aphunzitsi aakulu anatumiza mawu kuti dzina la mwana silinasamutsidwe kupita kulikonse, lili pomwepo, ndipo mpando wake wa mayeso ukumudikira ngati angapezeke nthawi isanathe. Masabata ankapita. Ndikamadutsa pa sukulupo ndinkamva anzake akubwereza masamu mokweza, ndipo ndinkafulumiza njinga.

Ine mwa chikhalidwe changa munthu wongoliza foni kamodzi n'kudula sindimuimbira, ndimati wofuna ine agule mayunitsi ake. Koma masiku amenewo ndinkaimbira aliyense, mpaka olakwitsa nambala anayamba kundizolowera. Tsiku lina ndili pa msika wa Mtakataka inalira kamodzi. Nditaimba anayankha mayi wa mawu okakala.

"Ndinu a nsapato? Ine ndimagulitsa tomato kuno ku Lilongwe. Pali mwana pano akuti ndinu amalume ake. Lankhulani msanga, watumidwa."

Kunamveka kupuma, kenako, "Amalume, ndine."

"Uli kuti?"

"Sindikudziwa."

Nambala yanga ankaidziwa pamtima chifukwa ndi iye amene anandilembera pa katoni imene ndimaimika pa malonda. Mayi wa tomato uja ndiye anandilongosolera dera, msika wake, ndi geti la nyumba imene mwanayo ankatulukira m'mawa uliwonse kudzagula zandiwo.

M'mawa mwake ndinali komweko, pamodzi ndi wapolisi wamkazi wa m'deralo. Amene anatitsegulira geti ndi mwana wathu yemwe, ali ndi khanda la eni nyumba kumbuyo. Anali ataonda, manja atasuwa ndi sopo. Sanandithamangire. Anagwada pa simenti pomwepo n'kundipatsa moni ngati ndabwera kudzacheza.

Zinali motere. Mu depoti anamulandira mnyamata, osati azakhali, n'kumubweretsa pa nyumbayi. Anamuuza kuti sukulu itsegulira mwezi wamawa, azithandizako ntchito podikira, azakhali ali pa ulendo. Mwezi wamawawo sunkafika. Chimene chinamudzutsa ndi wailesi ya m'khitchini, itanena kuti ana a Sitandade 8 ayamba mayeso m'dziko lonse. Anati anamva ali pakati potsuka mbale, ndipo anamaliza kaye kutsukako asanapite kwa mayi wa tomato.

Mwini nyumba anali mayi wapantchito, wosaoneka woipa, wotopa chabe. Anati iye anafuna wantchito, anapeza munthu pa foni amene amapezera anthu antchito, analipira, ndipo anauzidwa kuti mtsikanayu ndi wamasiye wofuna pokhala.

"Koma mayi, simukuona kuti uyu ndi mwana?" anafunsa wapolisi.

"Ndinafunsa ine. Anandionetsa tsamba lake lomwe. Taonani nokha zaka zake."

Anatembenuza foni yake kuti tione. Nkhope ya mwana wathu, yunifolomu atadula kuti isaoneke, ndi pansi pake chaka chobadwa chimene tinasankha ine ndi mnyamata wotchaja mafoni tikuseka. Banyira wanga anali atafika ku Lilongwe ine ndisanafike.

Mayiyo anayamba kunena za ndalama yake, kuti abwezeredwe ndi ndani. Apa ndiye ndinadzidabwa. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinamva ndikunena kuti mayi tiyeni tikambirane, mwanayu wakugwirirani ntchito nthawi yonseyi, tichotsepo apa, tionjezepo apo. Ndinali nditayamba kunenerera mtengo wa mwana wa mlongo wanga, iye ali chogwada pambali panga.

"Bambo," anatero wapolisi uja, "pano si pa msika. Mwana atenge katundu wake."

Nkhani ya mayiyo inatsala m'manja mwa apolisi. Munthu wa pa foni uja, nambala imene mayiyo anali nayo nayonso inali itazima.

Tinakwera minibasi mpaka ku Salima. Kumeneko ndinamugulira tchipisi, anadya pang'ono, zotsalazo anakulunga kuti akapatse ang'ono ake. Titayandikira kwathu, milambe itayamba kuoneka m'mbali mwa msewu, anafunsa osandiyang'ana.

"Ndiye azakhali aja anali ndani?"

"Sindikudziwa."

"Koma ankandidziwa."

"Ankadziwa zimene unawauza, ndi zimene anaona pa zithunzi."

Kenako anati, "Ankandifunsa ngati ndadya." Ine ndinali ndisanamufunsepo zimenezo.

Tinafika mayeso atapita kale pakati. Aphunzitsi aakulu anatilandira bwino, anatipatsa mipando, koma anati palibe chimene angachite, mwana adzabwereze kalasi chaka chamawa. Tikutuluka, anzake anali pa bwalo ndi mapensulo m'manja, akufunsana mayankho a pepala la m'mawa. Anasiya kulankhula n'kutiyang'ana mpaka tinakafika pa msewu.

Mlongo wanga ankafuna kuponya foni m'chimbudzi. Ine mtima wa malonda sunalole, chinthu chogwira ntchito sichitayidwa. Tinakatseketsa tsamba lija, zithunzi zonse n'kuchotsa, mawu achinsinsi a foni n'kusintha kuti asakhalenso odziwika pa kagolosale. Kenako ndinasonkhanitsa ang'ono ake awiri aja pakhonde kuti ndiwapatse malamulo, ine amene malamulo sindigwirizana nawo kwenikweni. Ndinati mu foni mulibe m'bale amene simunamuonepo ndi maso. Ndinati munthu wa mmenemo akafunsa dzina la sukulu, mudzi, kapena chithunzi, musamuyankhe. Akakupatsani kanthu kaulere, dziwani kuti mtengo ukubwera. Ndipo akangoti musauze akuluakulu, tsiku lomwelo muuze akuluakulu onse amene mungawapeze, ngakhale ine wolankhulitsa.

"Ngakhale akhale wamkulu?" anafunsa wamng'ono kwambiri. "Tisamuyankhe?"

"Ngakhale akhale ndi imvi."

"Si mwano umenewo?"

"Ndi mwano. Uchite."

Mlongo wanga anali pa khomo akumvetsera. Anati, "Mukuwaphunzitsa zachilendo, achimwene." Koma sanandiletse.

Chaka cha sukulu chitayamba ndinasokesa yunifolomu yatsopano n'kupita nayo kumudzi. Mtsikana uja anapita masiku ochepa oyambirira. Anakhala m'kalasi limodzi ndi ana amene kale ankawathandiza masamu, pamene anzake ena anali atasankhidwa kupita ku sekondale. Pa nthawi yopuma anyamata ankamuitana kuti antchito, ena ankamufunsa kuti azakhali ali bwanji. Tsiku lina anabwerera panjira, napinda yunifolomu, naiika pansi pa mphasa.

Ndinati iyi ndi ntchito yanga tsopano. Ndakakamizapo anthu kugula nsapato zowathina, ndingalephere kubwezera mwana m'kalasi? Ndinamupeza kudambo akupalira mpunga wa eni ake pa ganyu, matope mpaka m'mawondo. Ndinakhala pa mzere n'kuyamba. Ndinamuyamikira nzeru zake. Ndinamukumbutsa zimene aphunzitsi ankanena. Ndinati anthu amaiwala msanga, mwezi umodzi wokha apeza wina womuseka. Ndinalonjeza njinga. Ndinati ngati sukulu iyi yamuwawa ndimupezera malo kwina, azikakhala kwa ine, kumene palibe akumudziwa. Mawu ankatuluka bwino zedi tsiku limenelo, osalala, moti ndinkadzimva ndekha kuti ndikugulitsa.

Anaweramuka, napukuta nkhope ndi mkono.

"Amalume, musandinyengerere."

"Sindikukunyengerera, mayi. Ndikukuuza zoona."

"Ndikudziwa. Koma munthu akayamba kundilankhula mokoma, kundilonjeza malo, ndimachita mantha. Ndimafuna kuthawa. Ngakhale muli inu."

Ndinatseka pakamwa. Chida china ndilibe. Ndinakhala pa mzerepo kwa kanthawi ndikuyang'ana akuzula udzu, kenako ndinavula nsapato, n'kupinda thalauza, n'kulowa m'matopemo. Sindidziwa kupalira mpunga, ndinazula wambiri pamodzi ndi udzu, ndipo iye ankangoubzalanso pambuyo panga.

Chaka chimenecho sanabwerere ku sukulu. Chotsatira chakenso ayi. Foni saigwira, ikalira amaitana mng'ono wake. Teremu iliyonse ikamayandikira ndimapita kumudzi, ndipo ndinaphunzira kunena mouma, mopanda mafuta, ngati ndikuuza munthu kuti kunja kukugwa mvula.

"Sukulu akutsegulira Lolemba."

"Ndamva, amalume."

Lolemba likafika amatenga khasu.